Mwana wa Igwe ndi Mwana wa Mlongo

Amene amayenda m'misika ya m'malire, kuchokera ku Biriwiri mpaka ku Ntengo-wa-Mbalame, kapena amene anagonapo pa Furancungo nyengo yogulitsa fodya, amalidziwa phokoso la nyumba ya vidiyo. Sipika amaipachika panja kuti odutsa amve zimene zikuwapita. M'katimo muli mabenchi a matabwa, kanema ali pa tebulo, waya wake wapita ku batire ya sola kapena ku jenereta. Ana opanda ndalama yolowera amasuzumira m'ming'alu. Mawu otuluka mu sipikamo ndi a mnyamata mmodzi amene anamasulira filimu yonse m'Chichewa. Mfumu ndi iyeyo, mkazi wa mfumu ndi iyeyo, ndipo pena amawasiya onsewo n'kutembenukira kwa oonera, kuwachenjeza kuti nkhalamba yalowayo asaikhulupirire. Masiku ano ambiri safikanso m'nyumbamo. Amangopereka foni kapena memory kwa wobena, n'kukaonera kwawo, banja lonse litaunjikana pa kafoni kamodzi.

Mwa mafilimu oyenda njira imeneyi, a ufumu ali ndi malo awoawo, ndipo nkhani yake imadziwika isanayambe. Igwe, mfumu ya ku Nigeria, wa chipewa chofiira ndi mikanda yolemera m'khosi, wakalamba kapena wadwala. Mwana wake wamwamuna wabwera kuchokera ku sukulu za kunja ndi galimoto yonyezimira, koma mtima wake wagwera mtsikana wosauka wogulitsa malalanje m'mbali mwa msewu. Mayi ake akukanitsitsa. Mng'ono wa mfumu, amene wakhala akusirira mpando kuyambira kalekale, akupita usiku kwa sing'anga. Pakadutsa magawo angapo choonadi chimaululika, woipa amapenga kapena kufa, ndipo mwana wa mfumu amavala chipewa cha bambo ake.

Ine mafilimu amenewa sindiwanyoza. Amene amati anthu akumudzi amawaonera chifukwa chosowa chochita sanakhalepo pa maliro a nyakwawa, n'kumva manong'onong'o a kuseri kwa siwa. Funso lili pansi pa nkhani zonsezi ndi lathu lomwe: mwini akagona, dzina alowe ndani, malo agawe ndani, milandu aweruze ndani? Chimene chimandidetsa nkhawa ndi yankho lake. Mafilimu ochokera kulikonse amayankha mofanana, ndipo yankholo si la kuno.

Nigeria ndiye gwero lalikulu, kuyambira pamene Living in Bondage inatsegula msika wa mafilimu a pa tepi mu 1992. Akatswiri monga Pete Edochie ndi Olu Jacobs avala chipewa cha ufumu kambirimbiri. Ku Korea kunachokera Jumong ya 2006, ya mnyamata wokulira m'nyumba ya mfumu amene analimbana ndi abale ake mpaka kukakhazikitsa ufumu wakewake. Turkey inapanga Muhteşem Yüzyıl, ya Sultan Süleyman ndi akazi olimbirana kuti adzalowe ndi mwana wa yani. Amene ali ndi kanema m'nyumba ku Mozambique amawadziwa masewero a m'Baibulo a kampani ya Record ya ku Brazil, imene mapulogalamu ake amadzera pa TV Miramar. Kampani yomweyo inapanga Rei Davi mu 2012, ya Davide ndi ana ake. Palinso The Crown ya Netflix, imene inayenda kuyambira 2016 mpaka 2023, ndi The Lion King ya 1994 imene ana amaikonda. Zovala n'zosiyana, zipembedzo n'zosiyana, koma lamulo ndi limodzi: mpando ndi wa mwana wa mfumu, makamaka wamwamuna, chifukwa cha magazi a bambo ake. M'bale wa mfumu akautchula mpandowo ndiye kuti ndi wakuba. Akazi ntchito yawo ndi kubereka wolowa kapena kuthira chiphe m'chakudya. Anthu wamba amangoima kunja kwa mpanda, kudikira kuti awauze mfumu yawo.

Kwa Achewa, amene ndi ochuluka ku Macanga ndiponso m'midzi yambiri ya ku Tsangano, mwana wa mfumu sali pa mzere wa ufumu wa bambo ake. Iye ndi wa kwa amake, ndipo ngati pali ufumu womudikira, uli kwa atsibweni ake. Wolowa dzina amakhala mng'ono wa malemu wa bere limodzi, kapena mwana wa mlongo wake. Choncho m'bale wa mfumu amene filimu imamuonetsa akuyenda usiku ndi nsupa, kuno ndi mmodzi mwa oyenera. Ndipo mnyamata amene oonera akumuombera m'manja, kuno akanauzidwa mwaulemu kuti kwawo n'kuchikazi.

Ngakhale mwa ana a alongo, si woyamba kubadwa amene amangodzuka n'kukhala pa mpando. Mfumu ikamwalira, amayi akuluakulu a mbumba amakhala paokha n'kuyamba kutchula ana awo mmodzimmodzi. Amawadziwa kuyambira ali kumsana. Uyu ndi waukali, adzabalalitsa mudzi. Uyu ndiye mowa. Uyu ndi woumira, mlendo adzagona ndi njala pakhomo pake. Uyu sayankhulayankhula, koma maliro sajomba, ndipo akamva za m'nyumba ya mnzake sazitulutsa. Akagwirizana, dzina amalipereka kwa amuna akuluakulu ndi mafumu oyandikana nawo. Wosankhidwayo kawirikawiri samuuziratu, amachita kumugwira, ndipo ena amalira kapena kuyesa kuthawa podziwa katundu amene akubwera. Amamulowetsa m'nyumba pamodzi ndi mkazi wake, mafumu anzake ndi anamkungwi n'kumulangiza usiku wonse: usamakondere, usamayende m'nyumba za eni, wamisala ndi wako, wamasiye ndi wako, mfumu ndi dzala, aliyense adzataya zinyalala zake pa iwe. Kukacha ndiye amatuluka naye pa bwalo, ndipo ngati ndi mfumu ya mzinda, Gule amabwera.

Mu filimu, kumenyera mpando ndi umboni wa ukatswiri. Pa mphasa ya amayi aja, woonetsa njala ya ufumu ndiye amayamba kuchotsedwa.

Mphamvu ya amayi imeneyi si ya m'midzi yaing'ono yokha. Mbiri ya pakamwa imati Undi atasemphana ndi a ku likulu la Kalonga pa nkhani ya kulowa ufumu, anasamuka n'kukakhazikika ku Mano, m'dziko limene lero ndi chigawo cha Tete, ndipo popita anatenga Nyangu, mayi wa mafumu, ndi amayi a fuko la Aphiri. Otsalawo anatsala ndi mpando, koma bere lobereka mafumu linali litapita. Mpaka lero Kalonga Gawa Undi, amene likulu lake tsopano lili ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia, amachokera ku mzere wa Nyangu, ndipo mafumu a ku Tete amapita kukalamba kumeneko mwezi wa Ogasiti chaka ndi chaka. Nkhani ya munthu amene anasiya mpando n'kunyamula gwero lake ndi yokwana sewero lalitali ngati Jumong, koma ana ambiri a ku Macanga amamudziwa Jumong kuposa Undi.

Nanga Angoni? Zoonadi, kumapiri a Tsangano ndi Angónia kuli Angoni a Maseko, ndipo kwa iwo ufumu umatsata bambo. Pamenepa mafilimu akuyandikira, koma sakufika. Wolowa amachokera ku nyumba yaikulu, kwa mkazi amene analowoledwa kuti adzabereke inkosi, ngakhale m'nyumba zina muli kale anyamata a ndevu. N'chifukwa chake wolowayo amapezeka ali wamng'ono bambo ake akamamwalira, ndipo pamafunika womusungira mpando.

Mputa atafera kudera la Songea, m'dziko limene lero ndi Tanzania, mwana wake Chikuse anali mwana. M'bale wa Mputa, Chidyaonga, ndiye anatsogolera mtundu pa ulendo wobwerera kumwera, mpaka kudzakhazikika pafupi ndi phiri la Domwe cha m'ma 1870. Asilikali anali m'manja mwake, anali ndi mwana wakewake Chifisi, ndipo kumusiyira mwanayo ufumu sikukanavuta. Sanatero. Ufumu unabwerera kwa Chikuse. Bambo wamng'ono wotere mu The Lion King alibe malo, ndipo ine ndimamuona kuti ndiye munthu wopatsa chidwi kwambiri m'mbiri yonseyi: analawa mphamvu zaka zambiri, n'kukumbukirabe kuti si zake. Komabe nkhaniyo sinathere pabwino. Nyumba ya Chifisi sinaiwale kuti inalamulirapo. Chikuse ndi Chifisi atamwalira onse mu 1891, ana awo, Gomani ndi Kachindamoto, anamenyana nkhondo imene inang'amba mtundu pakati, ndipo Kachindamoto anatsikira kunyanja, ku Mtakataka. Chaka chomwecho cha 1891 Angerezi ndi Apwitikizi anasainirana pangano la malire limene linadutsa m'kati mwa dziko la Amaseko. Wokwera basi pa msewu wa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu amayenda m'mbali mwa mzere umenewo, golosale ya ku Malawi uku, ya ku Mozambique uko. Mu 1896 Angerezi anapha Gomani atakana kuwagonjera. Mbali ya Malawi inatsala ndi nyumba ya Gomani, mbali ya Mozambique nyumba ya Zintambira.

Kusunga mpando sikunathe ndi makolo. Gomani IV atamwalira mu 2009, wolowa wake anali mnyamata wa pasukulu, ndipo azakhali ake, Rosemary Malinki, ndiwo anagwirizira ufumu mpaka Gomani V atalongedwa mu 2012. Ku nyumba ya Kachindamoto nako, akuluakulu anakaitana Theresa Kachindamoto, chitsirizira m'banja la ana 12, mzimayi amene anagwira ntchito ya ulembi zaka zambiri ku Zomba, ndipo ndi iyeyo amene anadzatchuka dziko lonse lapansi pothetsa maukwati a ana. Wolemba filimu ya Igwe sakanamuganizira n'komwe.

Koma nkhani imene imandigwira mtima kwambiri ndi ya ku Macanga komweko, chifukwa kumeneko malamulo awiriwa anakumana m'nyumba imodzi. M'zaka za m'ma 1700 kunabwera Gonçalo Caetano Pereira, wa mtundu wa ku Goa ku India, wofuna golide kumpoto kwa Zambezi. Anthu anamutcha Dombo Dombo. Mwana wake Manuel anayenda mpaka kwa Kazembe mu 1796. Banja limeneli linapeza dziko la Makanga kudzera mu ubale wake ndi Undi, linakwatira akazi a kuno, ndipo ana ake anatenga mayina monga Chamatowa ndi Chissaka. Pamaso pa a boma ku Tete anali a Pereira, obatizidwa, olemba makalata m'Chipwitikizi. Pamaso pa anthu awo anali mafumu, okhala m'linga, ozunguliridwa ndi asilikali a Chikunda. Dzina linkayenda m'magazi a bambo, pamene anthu olamulidwawo ankawerenga ubale kudzera kwa mayi. Anamenyana ndi Apwitikizi kangapo, ndipo ufumuwo unatha mu 1902 pamene mfumu yake, Chinsinga, inagonjetsedwa. Likulu lawo la Muchena limatchulidwa m'mabuku a mbiri, ndipo dzina la ufumuwo ndi limene boma la Macanga likunyamula lero.

Amenewa sanali anthu oyera mtima. Chuma chawo chinachokera ku minyanga ndi ku akapolo, ndipo midzi yambiri ya Achewa inapsa chifukwa cha iwo. Koma mpamene pali sewero lenileni: mwana wa mayi wa Chichewa ndi bambo wa dzina lachilendo, wosakhulupiriridwa mokwanira ndi mbali iliyonse, amene tsiku lina akuteteza dziko kwa atsamunda, tsiku lina akugulitsa anthu a dziko lomwelo. Filimu ya Igwe imatipatsa woyera ndi wakuda, n'kutiuza wofunika kumuombera m'manja. Mbiri ya Makanga simalola zimenezo.

Wina angafunse ngati zonsezi zili ndi kanthu, poti filimu ndi yongosangalatsa. Zikanakhala zopanda kanthu chikhala kuti mwambo wa kulowa ufumu unayenda wosadukiza. Ku Mozambique unadukizidwa katatu. Apwitikizi anasandutsa mafumu kukhala ma régulo otolera msonkho ndi kugwira anthu a chibalo, ndipo wokana ankamuchotsa n'kuikapo womvera. Dziko litalandira ufulu mu 1975, boma la Frelimo linawaika pambali mafumuwo, n'kupereka midzi kwa masekeletale a chipani. Kenaka nkhondo yapachiweniweni inabalalitsa anthu. Oposa miliyoni imodzi anathawira ku Malawi, ambiri a iwo ochokera m'maboma a m'malire omwewa, ndipo anayamba kubwerera pambuyo pa pangano la mtendere la ku Rome la 1992. Pamene lamulo la Decreto 15/2000 linazindikiranso atsogoleri a m'midzi, ndipo ufumu unayamba kubwera ndi yunifolomu, mbendera ndi kandalama ka boma, funso loti mwini dzina ndani linabwerera ndi ukali. Amayi ambiri odziwa mizere anali atamwalira ku ukapolo wa nkhondo kapena m'misasa ya othawa. M'midzi ina munapezeka nyumba ziwiri kapena zitatu zoloza mpando umodzi: ya mfumu yakale, ya woikidwa ndi atsamunda, ndi ya amene anasunga anthu nthawi ya nkhondo.

Onjezanipo kusintha kwa moyo. Bambo wolima fodya ku Furancungo kapena kachewere ku Tsangano, amene watenga mkazi chitengwa, wamanga nyumba ya malata ndi kulipirira ana sukulu ndi thukuta lake, amafuna kuti zake zidzatsale ndi ana ake, osati ana a mlongo wake. Maganizo amenewa ali ndi chilungamo chake, ndipo sanabwere ndi mafilimu. Koma katundu wa munthu ndi ufumu wa mudzi ndi zinthu ziwiri. Mnyamata amene waonera nkhani za Igwe kuyambira ali wamng'ono amakula akumva kuti mwana wa mfumu akapanda kulowa ndiye kuti waberedwa. Tsiku limene amayi a mbumba adzatchule msuweni wake, iye sadzamva mwambo. Adzaona chiwembu chimene anachiona pa kanema. Mafilimu sayambitsa mikangano ya ufumu, koma amapatsa wokhumudwa nkhani yoti adzionemo ngati wolakwiridwa, ndiponso amamuphunzitsa kuyang'ana atsibweni ndi diso lokayikira.

Chodabwitsa n'chakuti ufumu wa m'mafilimu a ku Nigeria ngakhale kwawoko si wakale monga umaonekera. Midzi yambiri ya Aigbo inkalamulidwa ndi mabwalo a akuluakulu, popanda mfumu imodzi pamwamba. Angerezi ndiwo anaika mafumu a chikalata kuti azitolera msonkho ndi kuweruza, ndipo mu 1929 amayi zikwizikwi a kudera la Aba anaukira mafumu oikidwawo. Nyumba yachifumu ya zipilala ndi alonda onyamula zikupizo, imene timaiona ngati mwambo wa Africa yense, mbali yake yaikulu ndi ya masiku ano.

Alipo mafilimu amene anayesa kunena zoona, ndipo ndi amene ndikanakonda omasulira athu atawafunafuna. Sewero la Muvhango, limene Duma Ndlovu anayambitsa pa SABC2 mu 1997, limaonetsa banja lachifumu la Avenda mmene azakhali a mfumu, makhadzi, ali ndi mawu amene mfumu yomwe imawaopa. Mchewa akaonera amazindikira kanthu. A United Kingdom ya 2016 imasimba za Seretse Khama wa ku Botswana ndi bambo ake aang'ono Tshekedi, amene anamusungira mpando n'kudzakana ukwati wake ndi mzungu. Chimene chimandisangalatsa m'menemo n'chakuti mlanduwo ukupita pa bwalo, anthu wamba n'kuwerengedwa. Shaka iLembe ya 2023, yoseweredwa m'Chizulu, inapereka malo aakulu kwa Nandi, mayi a Shaka, ndi Mkabayi, azakhali ake, ndipo ikuonetsa nkhondo zomwe zija zinachititsa makolo a Angoni kuwoloka Zambezi. Mngoni wa ku Tsangano akamaonera imeneyi akuona chiyambi cha ulendo umene unathera pa Domwe.

Mozambique inalawa kale zimene zimachitika mfumu yako ikasimbidwa ndi wokugonjetsa. Filimu ya Chipwitikizi ya Chaimite, ya 1953, inasimba kugwidwa kwa mfumu Ngungunhane mu 1895 ngati chikondwerero cha asilikali a Mouzinho de Albuquerque. Mfumuyo ili m'menemo kuti ichititsidwe manyazi basi. Panadutsa zaka zambiri kuti dziko limusimbe lokha, zimene ankati ndi mafupa ake zitabwezedwa kuchokera ku Azores mu 1985, ndiponso m'buku la Ualalapi la Ungulani Ba Ka Khosa la 1987, limene silinamubisire nkhanza zake.

Za Domwe, Mano ndi Muchena zikadali m'kamwa mwa okalamba ndi m'mabuku a akatswiri, ambiri a m'Chingerezi ndi m'Chipwitikizi, kupatula ochepa monga Mbiri ya Achewa ya Samuel Ntara. Filimu ya nkhondo ya mazana a asilikali ndi yodula, ndipo palibe chifukwa choyambira pamenepo. Usiku umodzi wa amayi a mbumba akusankha mfumu umangofuna nyumba imodzi, nyali, ndi amayi asanu odziwa kuyankhula. Sewero la pa wailesi ndi lotchipa kuposa pamenepo, ndipo wailesi za m'madera zoulutsa m'Chinyanja zilipo kale. Anyamata omwe amabena mafilimu a eni m'misika ndiwo angalifalitse, chifukwa njira yofikira foni iliyonse ya m'mudzi ali nayo.

Chovuta si kamera. Pali zinthu za m'nyumba ya chilangizo ndi za ku dambwe zimene sizijambulidwa, ndipo wopanga filimu ayenera kuyamba wagwada kwa mafumu ndi anamkungwi kuti amuuze polekezera. Palinso mabanja amene mayina awo ali m'nkhanizi, ndipo ali moyo. Wolemba za Gomani ndi Kachindamoto adzapeza kuti nyumba iliyonse ili ndi kasimbidwe kake ka nkhondo ija. Wolemba za Chinsinga adzayenera kukhala pansi ndi zidzukulu za amene ankalamula m'linga la Muchena, komanso zidzukulu za amene anamangidwa magoli n'kutsitsidwira ku Zambezi, ndipo onsewo adzafuna kuona mmene agogo awo aonetsedwera filimuyo isanafike pa msika.